Momwe mungagwiritsire ntchito can, must, should ndi anzake m'Chingerezi

M'Chingerezi muli timawu 9 timene timatsogolera mneni n'kumusintha mphamvu: can, could, may, might, will, would, shall, should ndi must. M'mabuku a galamala timatchedwa modal verbs. Malamulo ake ndi ochepa, koma wowaphonya amaonekera msanga, makamaka pamayeso ndi m'kalata yofunsira ntchito.

Yambani ndi ili: mneni wobwera pambuyo pa kamawuko musamukhudze. Asalandire -s, -ed, -ing kapena to. Nenani "She can swim", osati "She can swims" kapena "She can to swim". Kamawuko nako sikasintha, kaya wochitayo ndi mmodzi kapena ambiri.

Pofunsa funso, do safunika. Ingokokerani kamawuko kutsogolo: "Should I wait?" Pokana, not abwere pambuyo pake. Timawuti sititsatizana tiwiri, choncho m'malo mwa "I will can come" nenani "I will be able to come".

Pofunika kudekha kwenikweni ndi pa tanthauzo, ndipo ine ndimati yambani ndi must. Mukauza munthu kuti "You must not come", mwamuletsa, asayerekeze n'komwe. Mukati "You don't have to come", mwamumasula, kubwera kapena kusabwera zili kwa iye. Anthu amakhumudwitsa anzawo pamenepa osadziwa, akuganiza kuti akulankhula mokoma mtima. Must yemweyu amanenanso zimene mwatsimikiza poona zizindikiro: "He must be tired" sakulamula munthu kutopa, akuti n'zoonekeratu kuti watopa. Ponena za lamulo la dzulo, must sabwerera m'mbuyo, mawu ake ndi had to. Should ndi wofatsa, amalangiza basi. May ndi might amanena zotheka zimene simunatsimikize.

Kenako ganizirani amene mukulankhula naye. "Can you help me?" akwanira kwa mnzanu, koma kwa bwana kapena mlendo "Could you help me?" ndi "Would you help me?" ndiwo aulemu. Popempha chilolezo mwaulemu, "May I come in?" salakwika.

Pa zimene zinayenera kuchitika koma sizinachitike, ikani should have ndi mneni wa mtundu wachitatu, uja wa gone, taken, written: "You should have gone". Polankhula have ameneyu amamveka ngati of, koma polemba musalembe "should of".