Firiji yasiya kutulutsa madzi pachitseko? Pezani pomwe madzi aima musanagule chilichonse

Mafiriji otulutsa madzi pachitseko alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi kathanki mkati mwa chitseko kamene mumathiramo madzi nokha, ngati ambiri a Hisense ndi Defy. Ena amalumikizidwa ku mpopi wa m'nyumba ndi kapaipi kapulasitiki ka 1/4 inchi kotulukira kumbuyo.

Ya kathanki sivuta. Kachotseni, kankhani ndi chala kavalavu kapansi pake. Ngati kauma, ndiye kuti kagwira laimu wa madzi a pamjigo kapena shuga, chifukwa anthu ena amathiramo Sobo. Musatero, ndi ka madzi okha. Kaviikeni kwa mphindi 30 m'viniga wosakaniza theka ndi theka ndi madzi ofunda, kakwecheni ndi mswachi wakale, ndipo pobwezera onetsetsani kuti kathanki kakhazikika. Kakapendama pang'ono, chokankhira kapu sichifika pa valavu.

Ya ku mpopi ndiye imafuna kuleza mtima. Yambani ndi batani lolembedwa Lock: ana amalidina osadziwa. Lidinikizeni kwa masekondi 3. Kenako wina akankhe kapu pachitseko, inu muyike khutu kumbuyo kwa firiji, cha pansi. Mukamva kulira kwapansipansi, magetsi akufika pa valavu yolowetsa madzi m'firiji, vuto lili m'njira ya madzi. Kukakhala zii, vuto ndi la magetsi.

Ngati valavu ikulira, tsekani mpopi, masulani kapaipi kumbuyo, kalozetseni m'ndowa, tsegulaninso. Madzi atuluke mwamphamvu. Mafiriji ngati a Samsung ndi LG amafuna pulesha yosachepera 1.4 bar (bar ndi muyezo wa pulesha). Nyumba zambiri zimamwa kuchokera pa thanki ya pasitandi, ndipo kutalika kwa mamita 10 kumangopereka pafupifupi 1 bar. Thanki yokwezedwa mamita 5 ikupatsani theka la bar basi. Pamenepo ngakhale musinthe zipangizo zonse madzi azingodontha. Lumikizani kapaipi ku paipi ya Water Board isanalowe m'thanki, apo ayi muikepo kapampu kowonjezera pulesha.

Pulesha ikakhala bwino, pitani pa fyuluta. Imayenera kusinthidwa pa miyezi 6 iliyonse, koma kumene madzi amasiyasiya n'kubwera ofiira imatseka nthawiyo isanakwane. Ipotokoleni pang'ono, itulutseni, yesani popanda iyo. Mafiriji ena amatulutsa madzi chomwecho, ena amafuna kachotsekera kapulasitiki kamene kanabwera m'katoni tsiku logula. Madzi akatuluka, mwapeza vuto. Pogula ina tengani yakaleyo, mufananitse nambala yake ndi timphira ta pakamwa. Mafyuluta abodza achuluka, makamaka kwa otsatsa pa Facebook: katoni yokongola, mtengo wotsika modabwitsa, koma mukainyamula ndi yopepuka, ndipo imachucha mkati mwa firiji. Mukaika yatsopano, tayani malita 10 oyamba, kukankha masekondi 5 n'kusiya masekondi 5, kuti mpweya utuluke.

Tsopano pamene anthu ambiri amatayira ndalama: madzi kuundana m'paipi ya m'chitseko. M'mafiriji a zitseko ziwiri zoyandikana, paipiyi imadutsa mkati mwa chitseko cha firiza. Zizindikiro zake zimanyenga. Valavu ikulira, pulesha ilipo, fyuluta ndi yatsopano, mwina ayezi akupangika bwinobwino, koma pachitseko palibe ngakhale dontho. Mmisiri wothamanga angokuuzani kuti valavu yafa, mugule ina, n'kupeza zinthu zili chimodzimodzi.

Kutsimikiza n'kosavuta. Chotsani chotchinga cha pansi kutsogolo kwa firiji. Pafupi ndi hinji ya chitseko cha firiza mupeza polumikizira mapaipi awiri (mafiriji ena polumikizira pali pamwamba, pansi pa chovindikira hinji). Kankhirani mkati kamphete ka pakamwa pake, mukugwira chomwecho kokani paipi. Musakoke musanakankhe kamphetekako, mano ake amakanda paipi ndipo pambuyo pake imachucha. Lozetsani m'mbale mbali yochokera kumbuyo, wina akankhe kapu. Madzi akatuluka apa, zonse zakumbuyo zili bwino, ayezi ali m'chitseko.

Posungunula, zulani pulagi, samutsirani nyama m'kulaboksi, siyani chitseko cha firiza chotsegula kwa maola angapo. Njira yachidule ndi yopopera madzi ofunda ndi sirinji kudzera pamene madzi amatulukira, pang'onopang'ono, atabwerera mupoperenso. Chowumitsira tsitsi chimathandiza koma chikhale pa moto wochepa ndiponso chapatali, apo ayi pulasitiki ya pachitseko ipindika. Madzi owira ayi. Waya ayi ndithu: mukaboola paipi ya m'chitseko, m'mafiriji ambiri siisinthika chifukwa inakwiriridwa m'thovu lotchinga kutentha, ndiye kuti mugula chitseko chonse.

Ikasungunuka, musaiwale chimene chinaiwumitsa. Firiza ikhale pa -18°C, osati -23°C monga ambiri amaikira poopa kuthima kwa magetsi. Mbali ya firiji ikhale pa 3°C kapena 4°C, chifukwa kuseri kwa madirowa a ndiwo zamasamba kuli kathanki kapena paipi yokulungakulunga imene nayonso imaundana kukazizira kwambiri. Ngati pa polumikizira paja sipanatuluke madzi, yang'anani kumeneko. Pobwezera paipi, ngati kumapeto kwakandika dulani mowongoka ndi mpeni wakuthwa, ilowetseni mpaka igunde, kenako ikokeni pang'ono kuona ngati yagwira.

M'njira ya madzi, valavu ndiyo yomaliza kuikayikira. Zulani pulagi, chotsani chitsulo cha pansi kumbuyo, onani kasefa ka polowera madzi ngati kadzaza mchenga. Yezani koyilo ya valavuyo ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Ikalemba OL, kutanthauza kuti magetsi sakudutsa, koyilo yapsa. Werengani chizindikiro cha pa valavu yakaleyo musanagule ina. Magetsi athu ndi a 230V, koma m'mashopu ena muli mavalavu a 120V a mafiriji a ku America, ofanana maonekedwe, amene amapsa mukangowalumikiza.

Ngati valavu sinalire koma koyilo ili bwino, zotsala ndi kaswitchi ka kuseri kwa chokankhira kapu ndi switchi ya chitseko. Dinani ya chitseko ndi chala. Nyale ya mkati ikapanda kuzima, firiji ikuona ngati chitseko n'chotsegula ndipo siitulutsa madzi. Zonse ziwiri n'zotsika mtengo. Zikakhala bwino, latsala bodi lamagetsi loyendetsa firiji, ndipo limenelo musiyire mmisiri. Akalisintha, gulani fridge guard, choteteza firiji ku magetsi amphamvu, yoika pa soketi, chifukwa mabodi ambiri amapsa magetsi akamabwerera atathima.