Kupeza standard deviation ndi pensulo

Mwafunsa mmene mungapezere standard deviation, nambala yosonyeza mmene manambala atalikirana ndi avereji yawo, pa kosi yoyamba ya statistics ku koleji. Tiyeni tigwiritse ntchito malikisi a ophunzira asanu: 4, 6, 8, 10 ndi 12.

Yambani ndi avereji. Phatikizani zonse, mupeza 40, ndipo mukagawa ndi 5 yankho ndi 8. Kenako chotsani 8 pa nambala iliyonse, mutsala ndi -4, -2, 0, 2 ndi 4. Izi mukaziphatikiza zimathera pa 0 nthawi zonse, n'chifukwa chake iliyonse muichulukitse ndi iyo yomwe: 16, 4, 0, 4, 16. Pamodzi zikwana 40.

Apa m'pamene ambiri amatayira malikisi, choncho werengani funso modekha. Ngati ophunzira asanuwa angotengedwa m'kalasi lalikulu kuti aimire anzawo, gawani 40 ndi 4, kutanthauza chiwerengero chawo kuchotsapo mmodzi, mupeza 10. Timatero chifukwa avereji yomwe tagwiritsa ntchito yachokera mwa anthu omwewa, ndiye kugawa ndi 5 kungachepetse kusiyana kwenikweni kwa kalasi lonse. Ngati asanuwa ndiye kalasi lonse, gawani ndi 5, mupeza 8. Nambala yomwe mwapezayi, kaya ndi 10 kapena 8, imatchedwa variance.

Pomaliza pezani square root yake, yomwe ndiyo standard deviation: ya 10 ndi pafupifupi 3.16, ya 8 ndi 2.83.

Ine ndimalimbikitsa kuti muyambe mwalemba papepala, kenako mutsimikize pa Excel. Fomula ya STDEV.S, ya ophunzira oimira anzawo, ikupatsani 3.16; ya STDEV.P, ya kalasi lonse, ikupatsani 2.83.