Kamera yaing'ono yoleka yokha kujambula vidiyo: mmene ndinakonzera

Kamera yanga yaing'ono ya m'thumba inkangoleka yokha kujambula vidiyo. Pa chinkhoswe ku Area 25 inaima pakati pa malangizo a ankhoswe, osachenjeza n'komwe. Ndinasintha batire, ndinafufuta zithunzi zakale, koma sizinathandize.

Vuto linali memory card, khadi yosungira zithunzi ndi vidiyo. Vidiyo ya 1080p, yooneka bwino kwambiri, imafuna khadi yolandira zinthu mofulumira. Khadi ikamachedwa, kamalo kosungirako kamkati mwa kamera kamadzaza, ndiye kujambula kumaima. Yanga, yogula pamsika, inalembedwa Class 10, kutanthauza 10MB pa sekondi, koma nditaiyesa pa kompyuta ndi H2testw, pulogalamu yaulere, liwiro lake silinafike pamenepo. Ndinagula ya V30, yomwe siyenera kutsika pansi pa 30MB pa sekondi. Inadula ndithu poyerekeza ndi yoyamba ija, koma kuyambira pamenepo kamera siimanso msanga. Khadi yatsopano muzichita format (kufufuta zonse n'kuikonza kuti iyambe kugwira ntchito) m'kamera momwemo, osati pa kompyuta.

Malire ena sachoka. Makamera ambiri otere amaleka pa mphindi 29 ndi masekondi 59, ndipo makhadi a 32GB kutsika m'munsi, osunga mafayilo m'njira yotchedwa FAT32, salola fayilo yoposa 4GB. Tsono ndimaimitsa ndekha nyimbo ikatha kapena wolankhula akakhala pansi, n'kuyambiranso.

Dzuwa la Okutobala kuno ku Lilongwe nalo limaitenthetsa mpaka kuzima. Ndimaima nayo pamthunzi, ndimaizimitsa podikira, ndipo sindigwira zoom pojambula, chifukwa kulira kwa mota yake kumamveka m'vidiyo.