Kuzindikira interjection osachita kuloweza

Mwana wa achemwali anga ali Folomu 2, ndiye Loweruka anandipeza pa Lizulu pomwe ndimagulitsa kachewere, kope lili m'manja, akuti anti ma interjection akundibalalitsa mutu. Ndisanayankhe nkomwe mnyamata wina wonyamula katundu thumba linamugwera paphazi, amvekere "Mayo ine, phazi langa!" Ndinati ndi imeneyotu, pa Chichewa timati mfuwu. Pachizungu akanati "Ouch, my foot!"

Ndiye njira yake ndi iyi, mukakayika mawu ena ake m'chiganizo achotseni kaye muone. "Wow, this cabbage is big", chotsani wow, chiganizo chili bwinobwino, changochepa mphamvu basi. Koma yesani kuchotsa mneni is, zatsalazo ndi zopanda mutu. Dzina, mneni, mlowam'malo, mfotokozi, muonjezi, mperekezi ndi mlumikizi onsewa amagwirana manja ndi mawu anzawo, pomwe mfuwu umaima pawokha, ntchito yake nkungoonetsa zomwe zili mumtima, kuwawa, kudabwa, chimwemwe kaya chisoni. Dzina loti interjection linachokera ku Chilatini, tanthauzo lake ndi chinthu chongoponyedwa pakati. Komanso susintha, palibe zoti nthawi yakale kapena zambiri, oh ndi oh basi.

Pomwe ana ambiri amagwa ndi apa, akangoona chizindikiro cha mfuuliro basi ati interjection. Ayi ndithu. "Run!" ndi mneni, mukumulamula munthu kuti athawe. Ndipo mfuwu wina umangotsatana ndi chizindikiro cha koma (,), wopanda kukuwa kulikonse, monga "Oh, I forgot."

China, mawu amodzi omwewo atha kugwira ntchito ziwiri. "She sings well", apa well ndi muonjezi, akutiuza mmene akuimbira. "Well, let us go", apa ndi mfuwu. Nchifukwa chake ine zoloweza mndandanda wa alas, hurray, oops sindigwirizana nazo kwenikweni, yang'anani zomwe mawuwo akuchita pamene alipo.

Mtsikanayu anandifunsanso za mvekero, akuti nanga "thumba linagwa kuti phii"? Umenewo si mfuwu, phii akufotokoza kagwedwe ka thumba. Ogo, asa, kalanga ine, imeneyo ndiye mifuwu.

Pamayeso a MANEB muziika mifuwu pomwe munthu akuyankhula m'nkhani yanu, koma m'kalata yofunsira ntchito musalembemo wow chonde.