Mwana wakhanda safuna madzi, ngakhale ku Ngabu kutenthe bwanji

Amayi anzanga amene mwangobereka kumene mwana woyamba, mukapita kusikelo musamangoyezetsa mwana n'kuthamangira kunyumba. Khalani pang'ono, muwapemphe anamwino aone mmene mukuyamwitsira. Ambirife timachita manyazi, chonsecho vuto la nsonga zamawere zong'ambika limathera pomwepo. Kawirikawiri mwana amakhala akungogwira nsonga yokha. Ayasamule kwambiri, chibwano chikhudze bere, mbali yakuda ija ilowe yambiri m'kamwa. Mimba yake igunde yanu, osamupotoza khosi.

Mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi, ndi umene umamuteteza ku matenda.

Tsono nkhani ya madzi. Kuno kuchigwa cha Shire, Okutobala akafika dzuwa limaswa mtengo, ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha mpaka kupitirira madigiri 40. Apo apongozi amayamba: "Mwanayu ludzu, mpatseni madzi pasupuni." Amanena mwachikondi, koma ayi. Mkaka wa m'mawere uli kale ndi madzi okwanira. Miyezi 6 yoyambirira ndi bere lokha, phala ayi, madzi ayi, chifukwa timadzi tapachitsime tomweto ndi timene timamutsegula m'mimba. Woyenera kumwa madzi ambiri ndi thobwa ndi inuyo. Kukatentha muyamwitseni pafupipafupi, usiku womwe, kosachepera ka 8 patsiku. Akamakodza ka 6 patsiku kapena kupitirira, mkaka ukumukwanira.

Apongozi akakakamirabe, musakangane nawo pakhomo. Atengeni tsiku la sikelo akamve okha kwa anamwino.