Monita yakana kuonetsa? Yambani ndi chingwe musanapite kwa okonza

Mwayatsa kompyuta, fani ikumveka kulira mkati mwa CPU (bokosi la kompyuta lija), koma monita yangoti bii. Apa ambiri amagamula kuti yapsa, n'kuyamba kufunsa mitengo ya ina. Musafulumire. Nthawi zambiri vuto limakhala pa chingwe, ndipo mungalipeze nokha osalipira munthu.

Choyamba, yang'anani kanyali ka m'munsi mwa monita. Ngati sikakuyaka n'komwe, magetsi sakufika. Kanikizani chingwe cha magetsi kumbuyo, yesaninso soketi ina. Mamonita ambiri chingwe chawo cha magetsi n'chofanana ndi cha CPU, choncho mutha kusinthanitsa kuti muone chomwe chafa. Koma kanyaliko kakamaphethira kapena kuyaka mwa olenji, kapenanso sikirini ikalemba "No Signal", monita ili moyo, chithunzi ndiye sichikuifika.

Zikatero zimitsani zonse, muzule chingwe cha chithunzi mbali zonse ziwiri. Makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'masukulu mwathu akadali pa VGA, chingwe cha mutu wabuluu chija chokhala ndi timano m'mizere itatu, pamalo okwana 15. Chiunikeni ndi tochi ya foni. Mitundu itatu yopanga chithunzi, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, uliwonse uli ndi kadzino kake pamzere woyamba. N'chifukwa chake kadzino kamodzi kakapindika, monita imaonetsabe koma zonse zimasanduka zachikasu kapena zapinki. Kopindika kawongoleni pang'onopang'ono ndi nsonga ya singano yokulirapo. Kakathyoka, gulani chingwe china basi. Pobwezera, mangani timasikuluwu tiwiri ta m'mbali tija. Anthu amatinyozera, kenako n'kumadabwa kuti chithunzi chikugwedera munthu akangogunda tebulo.

Chingwe china cha chithunzi, cha HDMI, cha mutu wopyapyala chija, nthawi zambiri sichisokoneza mitundu chotere. Chikayamba kutha, chithunzi chimathima n'kubwerera chokha, kapena mumaona timadontho tothwanima.

Onaninso pomwe mwalumikiza. Ngati kumbuyo kwa CPU kuli malo awiri olowetsa chingwe, ena kumtunda pafupi ndi ma USB, ena m'munsi mopingasa, ndiye kuti muli graphics card, bolodi lapadera lotulutsa chithunzi, ndipo chingwe chiyenera kulowa m'munsimo. Kulowetsa chingwe pamalo olakwika kumachitika kwambiri kompyuta ikasamutsidwa posesa. Pa monita penipeni dinani batani la Input kapena Source, musankhe dzina la chingwe chomwe mwalowetsa.

Chithunzi chikabwera koma chopendekera mbali imodzi kapena zilembo zosaoneka bwino, dinani batani la Auto. Limagwira pa VGA. Ngati monita yathima muli mkati mogwira ntchito pa Windows 10 kapena 11, dinani pamodzi Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mudzamva kakulira kamodzi ndipo chithunzi chikhoza kubwerera. Ikalemba "Out of Range", resolution, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, yakwera kuposa mphamvu ya monita. Lowani mu Safe Mode, njira yoyatsira Windows ndi zinthu zofunikira zokha, muitsitse.

Zikakanikabe, patulani wolakwa. Lumikizani CPU ku TV kapena ku monita ya mnzanu. Ikaonetsa kumeneko ndi chingwe chomwecho, yadwala ndi monita yanu. Ikakananso ngakhale ndi chingwe china, vuto lili mu CPU, ndipo kawirikawiri ndi RAM, kabolodi kakatali kopyapyala ka mkatimo, yomwe yachita fumbi: zulani pulagi kukhoma, chotsani RAM, pukutani mbali yagolide ndi labala ya pensulo, muibwezere mpaka ilire kuti "tha".

Pali kuyesa kumodzi komaliza. Monita ili chiyakire, ikani tochi pafupi kwambiri ndi galasi mopendeketsa. Mukaona chithunzi chozilala mkatimo, nyali za kumbuyo kwa galasi kapena bolodi la magetsi ndi zomwe zafa, makamaka ngati zinayamba magetsi atabwera mwamphamvu. Apa pokha ndiye pitani nayo kwa okonza. Musaitsegule nokha, chifukwa ma capacitor a mkatimo amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.