Shoko ya Cessna 172 yakale inkangophwa

Shoko ya tayala lakutsogolo la ndege yathu ya Cessna 172 inkangophwa, ndipo potera ndege inkagunda pansi mwamphamvu. Fumbi ndi mchenga wa kuno ku Mangochi zinali zitadya timalabala totsekera mafuta.

Tinatsitsa mchira kuti tayala lilendewere, n'kutulutsa kaye mpweya wonse wa m'shokomo. Chonde musamasule chilichonse mpweya uli m'kati, mungavulale. Nditasintha timalabalato, ndinathira mafuta ofiira a hayidiroliki otchedwa MIL-H-5606 kudzera m'kapaipi, kwinaku ndikukankhira shokoyo m'mwamba ndi kuitsitsa mpaka thovu litatheratu. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa thovu likatsalira shoko imakhalabe yofewa. Kenako ndinapopa nayitirojeni kufika 45 psi. Mpweya wa kompuresa ine ndimaukana, uli ndi chinyezi chodzetsa dzimbiri. Tsopano chitsulo chonyezimira chimene chimalowa ndi kutuluka m'shokomo timachipukuta ndege isananyamuke.